Mafunso Anu pa Zosoka: Makina a Kompyuta ndi Makina Wamba, Okhalitsa ndi Ati?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi, ndiye tawasonkhanitsa ndi kuwapereka kwa amisiri okonza makina osokera muno mu Lusaka. Mayina a olemba tawasunga monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndalandira chilimba changa ndipo ndikufuna kuyamba kusoka zitenje ndi mayunifomu a ana asukulu pakhomo. Ndazungulira m'masitolo ku Kamwala ndi m'tauni, ndaona mitundu iwiri. Ena ali ndi kagalasi kolemba manambala ndi timabatani, ena ali ndi zopotokola basi. Wogulitsa akuti a kompyutawo ndiwo amakono, apongozi anga akuti amenewo ndi zidole. Ndimvere ndani? (Mayi wa ku Chilenje)

YANKHO: Mayi, pa ntchito mwatchulayi yambani ndi makina opanda kompyuta. Koma apongozi anuwo akawauze mwaulemu kuti enawo si zidole ayi.

Mukavula chikuto cha makina onse awiri mupeza kuti mbali imene imasoka ndi imodzimodzi. Pali kachitsulo kogwira singano kamene kamakwera ndi kutsika, kambedza ka pansi kamene kamakola ulusi wa pamwamba ndi kuuzunguliza pa bobini, mano okoka nsalu, ndi timbale tiwiri tofinya ulusi. Kusiyana kuli pa chimene chimalamula ziwalozi. M'makina wamba, mukapotokola kuti musoke zigizagi, mumasuntha kachitsulo kamene kamatsamira pa kagudumu kosemedwa mokhotakhota, ndipo singano imangotsata mmene kagudumuko kalili. M'makina a kompyuta timagudumuto mulibe. Muli timamota ting'onoting'ono, kena kokankhira singano kumanzere ndi kumanja, kena kowongolera mano, ndipo tonse timamvera bodi, ija yobiriwira ngati ya m'wailesi. Bodiyo imaona zimene zikuchitika kudzera m'timasensa: phazi lopanikiza nsalu lakwera kapena latsika, singano ili pamwamba kapena pansi, mota ikuzungulira kapena yagwidwa.

Chifukwa cha zimenezi mitundu iwiriyi imafa imfa zosiyana. Makina wamba amadwala kaye. Ayamba kulira khotchokhotcho, gudumu lilemera, sitichi idumpha apo ndi apo, ndipo mumakhala ndi masabata oti muchitepo kanthu. Mankhwala ake ndi sikuludiraiva, burashi, dontho la mafuta, mwina lamba watsopano kapena timakala ta m'mota. Makina akuda opalasa ndi miyendo amene ali m'misika yonse kuyambira Soweto mpaka Mtendere, ambiri a dzina la Butterfly, anatengera kapangidwe ka Singer 15, kamene kanayamba zaka zoposa 100 zapitazo. N'chifukwa chake chosungira bobini, lamba, sipuling'i ya ulusi, zonse zimalowana, ndipo mmisiri aliyense amazidziwa ngati chikhatho chake.

Makina a kompyuta sadwaladwala. Ziwalo zotha ndi kukhuzana ndi zochepa, ndiponso amadziteteza okha: sayenda phazi lili m'mwamba, ulusi ukapiringizana mota imaima isanathyole kanthu. Munthu wosokera banja lake maola awiri kapena atatu pa sabata akhoza kukhala nawo zaka zambiri osaona mmisiri. Koma tsiku limene bodi yapsa amangoti zii, osatsazika. Bodi iliyonse ndi ya mtundu umodzi wokha wa makina, simungabwereke ya ena. Kawirikawiri imachita kuitanitsidwa kunja, mudikira masabata, ndipo ngati fakitale inasiya kupanga mtundu umenewo mwina osaipeza n'komwe. Telala amene walandira mayunifomu 40 m'mwezi wa Disembala sangadikire zimenezo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Chenjezo lathu lili apa: mawu akuti "opanda kompyuta" satanthauza kuti olimba. Alipo makina ambiri azopotokola amene m'kati mwake ndi pulasitiki yokhayokha, mpaka magiya omwe. Anyamuleni m'sitolomo. Ngati akukwezeka ndi zala ziwiri asiyeni. Mutu wa makina achitsulo akale umapitirira makilogalamu 10, ndipo a magetsi abwino a panyumba amakhala ndi mafupa achitsulo m'kati ngakhale kunja kuli pulasitiki. Funsani wogulitsa mafunso awiri: zipangizo zake mumasunga pano, ndipo akawonongeka amakonza ndani? Akayamba kukanda m'mutu, yankho mwalipeza.

Pamene a kompyuta amapambana kotheratu ndi pa mabowo a mabatani. Mumaika batani kumbuyo kwa phazi lake, n'kutsitsa kachitsulo koyezera, makina n'kusoka bowo lonse okha, ndipo la 30 limafanana ndi loyamba. Pa malaya a yunifomu zimenezi ndi ndalama. Ndiye bizinesi ikaima, agulani ngati makina achiwiri, a mabowo, zokongoletsa ndi kulemba mayina, msoko wautali uzipita kwa achitsulo aja.

FUNSO: Kuno kwathu malaiti amapita ndi kubwera mmene afunira. Anzanga awiri mumsika makina awo a kompyuta anafa tsiku limodzi, malaiti atangobwera. Ine anga ndi a mota wamba ndipo sanamve kanthu. Chinachitika n'chiyani? Nanga pa jenereta kapena sola angagwire? (Telala wa ku Matero)

YANKHO: Achimwene, magetsi athu ayenera kukhala mavoti 230. Pamene akubwerera atazima, mafiriji, mapampu a madzi ndi masitovu a dera lonse amadzuka nthawi imodzi, ndipo mphamvu imalumpha ndi kutsika kwa kanthawi isanakhazikike. Mota ya makina anu ndi waya wokulungiza ndi timakala tiwiri basi. Magetsi akachepa imangofooka, akalumpha kwa kamphindi siimva. Koma m'makina a kompyuta muli kagawo kosandutsa mavoti 230 aja kukhala magetsi ochepa kwambiri amene bodi imadya, ndipo kulumpha konse kumafikira pamenepo. Chiyambire chilala cha 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, vuto limeneli lafala, chifukwa kubwera kulikonse kwa magetsi ndi mayeso atsopano.

Anzanuwo asafulumire kutaya makina. M'mitundu yambiri kagawo kolandira magetsi kali pakokha, kosiyana ndi bodi yaikulu yosunga masitichi. Chimene chimayamba kupsa ndi fyuzi, kenako kachipangizo komeza magetsi olumpha, kenako makapasita, amene mumawazindikira chifukwa amatupa pamutu ngati chitini chowonongeka. Zonsezi wokonza ma TV wodziwa ntchito amasintha ndi zipangizo za pano pomwe. Ngati nyali ya makina siyaka ndipo kagalasi kali bii, vuto likhoza kukhala pamenepa, ndipo ndi nkhani yabwino. Nkhani yoipa ndi pamene nyali ikuyaka koma kagalasi kakulemba zosamveka kapena singano ikungonjenjemera malo amodzi.

Kudziteteza kwake n'kosavuta. Magetsi akazima zulani pulagi kukhoma, kuzimitsa pa switchi ya makina sikukwanira. Akabwera dikirani mphindi 5 mpaka 10. Gulani kabokosi kaja amagulitsa kotetezera TV kapena firiji, kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri n'kudikira kaye kasanawabwezere. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Marichi, mukamva bingu zulaninso. Ndipo chonde, simbi yamagetsi isakhale pa adaputa imodzi ndi makina. Simbi imadya mawati 1,000 kapena kuposa, imadziyatsa ndi kudzizimitsa tsiku lonse, ndipo timaadaputa totchipa timatentha, kumasuka, n'kuyamba kuthetheka. Matelala ambiri amapha makina awo ndi simbi yawo yomwe, mlandu n'kupita kwa ena.

Pa sola amagwira bwino, chifukwa makina a panyumba ambiri sadya mawati opitirira 100. Onani pa kachikwangwani kumbuyo kwake. Koma invata ikhale imene yalembedwa kuti pure sine wave. Zotchipa zija zimatulutsa magetsi odukaduka amene amatenthetsa ziwalo za bodi. Pa jenereta, ilizeni kaye ikhazikike kenako lumikizani, ndipo zulani musanaizimitse. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene petulo akutha, jenereta ikutsokomola. Walira mvula walira matope: wogula makina a kompyuta awerengere zotetezerazi pa mtengo wake.

Inuyo ngati mutu wa makina anu ndi wa aja akuda, musagulitse tebulo lopalasa. Kuchotsa lamba wa mota ndi kuika wachikopa ndi ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo mumasoka anzanu atapinda manja.

FUNSO: Makina anga a kompyuta ali ndi miyezi itatu yokha. Ndikangoyamba kusoka ulusi umadzadzana pansi pa nsalu ngati chisa, amalira, n'kulemba E6. Kodi bodi yafa? (Mtsikana wophunzira kusoka, Kabwata)

YANKHO: Ayi mwanawe, bodi ili moyo, ndipo ikugwira ntchito yake bwino lomwe. Pa makina ambiri a panyumba a Brother, E6 ndiye kuti mota yagwidwa ndi ulusi wopiringizana, monganso E1 amatanthauza kuti waponda chopondera pamene phazi la makina lili m'mwamba. Mitundu ina ili ndi zilembo zake, uone m'kabuku kamene kanabwera nawo.

Zimitsa makina. Usakakamize gudumu, ndipo usakoke nsalu mwamphamvu. Dula ulusi wa pamwamba, lowetsa lumo pansi pa nsalu udule chisacho, masula singano uichotse. Kenako chotsa kachitsulo kathyathyathya kamene kali pansi pa phazi, tulutsa bobini ndi chosungira chake. Upeza tiulusi todukaduka ndi ubweya wa nsalu utaumbika pakati pa mano ngati bulangete. Chitenje chatsopano chimathothoka kwambiri, ndipo fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limawonjezera. Sesa ndi kaburashi kouma. Usauzire ndi pakamwa, chifukwa mpweya uli ndi chinyezi ndipo umangokankhira zinyalala m'kati, kumene kuli timasensa. Pobwezera chosungira bobini, kachizindikiro kake kayang'anizane ndi ka pa makina.

Tsopano gwero lake. Chisa cha pansi pafupifupi nthawi zonse chimabwera ndi ulusi wa pamwamba, ngakhale diso limanamizira bobini. Timbale tofinya ulusi timatseguka pokhapokha phazi lili m'mwamba. Ukalowetsa ulusi phazi lili pansi, umangodutsa pamwamba pa timbale osagwidwa, ndiye wonse umakhuthukira pansi pa nsalu. Kweza phazi, zungulitsa gudumu chakwa iwe mpaka kachitsulo kokoka ulusi kaonekere pamwamba, lowetsa ulusi kuyambira pachiyambi ukuugwira ndi manja awiri kuti ulowe bwino m'timbale. Yesa motere: phazi lili m'mwamba ulusi uzikokeka mosavuta, ukalitsitsa uzilimba. Poyamba msoko gwira michira iwiri ya ulusi, yotalika masentimita 10, mpaka masitichi atatu oyamba adutse.

Uonenso bobini. Makina amene bobini imagonera pamwamba amafuna ya pulasitiki ya msinkhu wake weniweni. Yachitsulo ya makina opalasa imaoneka ngati yalowa, koma imagwedera ndi kukanda chosungira. Ukayatsa n'kumva singano ikusuntha yokha pang'ono usaope, makina akungoika singano pamalo pake.

FUNSO: Ndinasoka m'munsi mwa jinzi, singano inathyoka pa msoko wokhuthala uja. Chiyambire pamenepo makina anga opalasa akudumpha masitichi. Wina akuti taimingi yachoka ndipo akufuna ndalama zambiri. Ndingaone bwanji ndekha? (Bambo wa ku Chawama)

YANKHO: Bambo, musanalipire munthu yambani ndi singano, chifukwa kudumpha kochuluka kumathera pamenepo. Ikhale ya makina a panyumba, yolembedwa 130/705H kapena HAx1, imene ili ndi mbali imodzi yathyathyathya kumutu. Ya makina a m'fakitale, DBx1, ndi yobulungira mutu wonse ndipo siikhala bwino mwanumo. Ikankhireni m'mwamba mpaka igunde musanamange. Lamulo losaiwalika ndi ili: singano ili ndi kangalande katali mbali imodzi, ndipo ulusi umalowera mbali imeneyo. Mukaitembenuza, kambedza sikapeza ulusi. Kukula kwake, chitenje chimafuna 80/12 kapena 90/14, nsalu ya makabudula a sukulu 90/14 mpaka 100/16, jinzi 100/16 kapena 110/18. Nsalu zotamuka zimafuna singano yobuntha kunsonga, apo ayi zimadumphitsa ngakhale makina atsopano.

Ngati zikupitirira, tsegulani pansi muone ndi maso taimingiyo, kutanthauza kukumana kwa singano ndi kambedza pa nthawi yake. Zungulitsani gudumu pang'onopang'ono mpaka singano ifike pansi penipeni, kenako iyambe kukwera. Ikakwera mamilimita awiri kapena awiri ndi theka, nsonga ya kambedza iyenera kukhala pa singano, mbali yopanda kangalande katali, pamwamba pang'ono pa diso lake, pafupi kwambiri moti pangodutsa tsitsi koma osakhudza. Pa makina a mtundu wa Singer 15, kambedza kameneka sikasuntha wamba. Chimene chimasuntha singano ikagunda chinthu cholimba ndi kachitsulo kogwira singano, kamene kamaterereka m'mwamba pa chomangira chake. Mukaona nsonga ya kambedza ikudutsa pa diso penipeni kapena pansi pake, chotsani chivundikiro cha kumaso kwa makina, masulani pang'ono sikuruwu imodzi yomanga kachitsuloko, katsitseni osakapotoza, mangani, yesani. Pitaninso ndi chikhadabo pa nsonga ya kambedza ndi pa bowo limene singano imalowa. Ngati pakukola, singano yothyoka ija inasiya chipsera chimene chizidula ulusi, ndipo chimasalazidwa ndi sandipepa wosalala kwambiri.

Apa ndi pamene makina wamba amaonetsa ubwino wake, chifukwa zonsezi mukuziona ndi kuzigwira. Pa a kompyuta taimingi imachokanso chimodzimodzi, koma kuti muifike muchita kumasula chikuto chomangidwa ndi timano tapulasitiki, kuseri kwake kuli timawaya topyapyala ngati riboni. Amenewo apite kwa mmisiri, makamaka ngati galanti isanathe.

Ulendo wina, msoko wa jinzi uphwanyeni kaye ndi hamala, ikani kansalu kopinda kumbuyo kwa phazi kuti likhale mofanana, ndipo pa chitunda pomwepo yendetsani gudumu ndi dzanja. Nsalu musaikoke kumbuyo. Kukoka ndiko kumapinda singano kuti ikagunde chitsulo.

FUNSO: Ndaona makina a kompyuta a salaula ochokera ku Japan, okongola ndiponso otchipa. Ndigule? (Mayi wa ku Garden)

YANKHO: Werengani kaye kachikwangwani kumbuyo. Magetsi a ku Japan ndi mavoti 100, a ku America 120. Makina otere mukawalumikiza kukhoma kwathu kuno amapsa nthawi yomweyo, pokhapokha pakhale thiransifoma yotsitsa magetsi, ndipo tsiku limene mwana adzalumikize molunjika ndiye maliro. Ochokera ku UK ndi ku South Africa alibe vuto limeneli. Musagule osawayesa: ayake, batani lililonse limvere, asoke msoko wowongoka, zigizagi yotambalala kwambiri, kubwerera m'mbuyo ndi bowo la batani, pa nsalu imene mwabwera nayo nokha. Asiyeni ayende mphindi 10, chifukwa bodi yodwala imayamba misala ikatentha. Chopondera chikhale chake chenicheni. Cha makina a kompyuta sichilowana ndi cha mota wamba. Nunkhizaninso pa timabowo totulukira mpweya. Fungo la chopsa kapena zitosi za mphemvu, zimene zimakonda kufunda kwa bodi, ndi chifukwa chokwanira chobwezera ndalama m'chikwama.

FUNSO: Mafuta a makina atha. Kodi a saladi kapena a galimoto sangathandize? (Agogo a ku Kalingalinga)

YANKHO: Agogo, a saladi musayerekeze. Amauma n'kusanduka ulimbo, ndipo pakapita miyezi gudumu limakana kuzungulira. A galimoto ndi olemera ndipo amadetsa nsalu. Makina amene athiridwa kale zotere amatsukidwa ndi palafini: dontho pa malo aliwonse oyenda, kupalasa opanda ulusi, kupukuta, kenako mafuta oyera a makina osokera. Dontho limodzi pa bowo lililonse ndi limodzi pa njira ya kambedza, tsiku lililonse ngati mumasoka tsiku lonse. Mukatero sokani kaye pa kansalu kotaya.

Adzukulu anu amene ali ndi a kompyuta asatengere inu. Ambiri a makina amenewo anaikidwa girisi ku fakitale ndipo kabuku kake kamaletsa mwini kuthira mafuta. Dontho losochera likagwera pa sensa kapena pa lamba wa mano-mano wa m'kati, mavuto ayamba. Awo ntchito yawo ndi kusesa ubweya, kusintha singano pakatha maola pafupifupi 8 osoka, kuvundikira akamaliza, ndi kupita nawo kwa mmisiri kamodzi pa chaka.

FUNSO: Shopu yanga yakula, ndikufuna makina a m'fakitale. Ena ali ndi mota yaikulu pansi pa tebulo, ena mota ili m'mutu momwe ndipo amadula okha ulusi. Awa achiwiriwa si a kompyuta omwe mukutichenjeza nawo? (Telala wa ku City Market)

YANKHO: Pali mitundu itatu, achimwene, osati iwiri. Mutu ngati wa Juki DDL-8700 ndi chitsulo chokhachokha, umasoka msoko wowongoka basi, umatha kufika masitichi 5,500 pa mphindi, ndipo umadzithira wokha mafuta kuchokera m'beseni la pansi pake. Mutu umenewu mukhoza kuukoka ndi mota yakale ya kilachi, imene imalira tsiku lonse ngakhale simukusoka. Ndi yolimba ngati bulu, koma imadya magetsi ndipo poyaka imakoka mphamvu yambiri moti invata yaing'ono imagwa. Mukhozanso kuukoka ndi mota ya sevo yomangirira pansi pa tebulo, imene imadya magetsi pokhapokha mwaponda ndipo liwiro lake limachepetseka, zabwino kwa wophunzira ndi pa sola. Sevo ili ndi bodi, inde, koma ili pa yokha. Ikapsa mumamasula mabawuti atatu ndi lamba, kuika ina ya mtundu uliwonse wolingana, kapena kubwezera ya kilachi imene munasunga pakona, n'kupitiriza ntchito tsiku lomwelo.

Mtundu wachitatu ndi umene mwauonawo, mota ndi bodi zili m'mutu, wodula ulusi ndi kukhoma msoko wokha. Pa shopu yosoka zovala zambiri zofanana umapulumutsa nthawi yochuluka, chifukwa lumo simuligwira pa msoko uliwonse. Koma bodi yake ndi ya mtundu umenewo wokha, ndipo kampeni kodula ulusi kamabuntha n'kufuna wodziwa kukachuna. Ngati mukugula makina amodzi okha, tengani mutu wamba ndi sevo ya pansi pa tebulo. Ngati mukugula atatu, amodzi akhale odula okhawo, muwagule kwa wogulitsa amene angakuonetseni bodi yosinthira ili pa shelefu, ndipo muwapatse soketi yawoyawo yokhala ndi chotetezera. Tsiku lowalandira yang'anani m'beseni: makina atsopano kawirikawiri amabwera opanda mafuta, ndipo ayenera kuthiridwa kufika pakati pa mizere iwiri yolembedwa HIGH ndi LOW musanaponde koyamba.